Mkamwini Akufuna Kukumba Pogona Agwape Anga

Aphungu,

Ine si munthu wa zolembalemba. Sukulu ndinaisiya ndili mnyamata, bambo atathyoka mwendo kunkhalango, ndipo kuchokera pamenepo cholembera changa chinali macheka. Mukaona mawu apotoka, muwongole nokha. Tsamba lanuli la munyuzipepala ndimalidziwa chifukwa malemu mkazi wanga, Lempi, ankandiwerengera mokweza ine ndikunola macheka pathebulo la kukhitchini, chinthu chimene ankadana nacho kwambiri. Tinkaseka anthu olembera kwa inu. Lero ndi ine.

Nkhani yake ndi ya ng'anjo yanga ndi mkamwini wanga Curtis.

Ng'anjoyo ili kuseri kwa nyumba, pafupi ndi shedi ya nkhuni, ngati za anthu ena onse kuno: moto m'kati mwa kanyumba kachitsulo, madzi atazungulira motowo, pampu n'kumakankha madzi otenthawo m'mapaipi apansi pa nthaka kupita kunyumba ndi kubwerera. Ndinaigula Lempi atayamba chifuwa, dokotala atanena kuti utsi ndi phulusa za mbaula ya m'nyumba zimutha. Ngalande ya mapaipi ndinakumba ndekha, ndi piki ndi fosholo, chilimwe chathunthu. Dothi lathu ndi dongo ndi miyala, mukulidziwa. Penapake ndinakumana ndi chimwala chimene chinandikanika, ndipo ndinachita kuchizemba, ngalande n'kukhota ngati chigongono. Wogulitsa ng'anjo ankafuna ndigulenso mapaipi ake okutidwa ndi thovu lolimba, odula ngati agolide. Ndinamuseka. Ndinagula mapaipi wamba, ndinawakulunga ndi thonje lija timaika m'makoma, ndinawalowetsa m'chipaipi chachikulu chakuda, n'kukwirira. Lempi ndiye ankandigwirira mbali inayo.

Aphungu, zaka zonsezi zadutsa koma chinthu chimenechi sindinachizolowere. Ndimatuluka m'mamawa mu Januwale, kukuzizira koti tsitsi la m'mphuno limauma ndipo mitengo kunkhalango imaphulika ngati mfuti. Ndimatsegula chitseko cha ng'anjo, n'kupeza makala atagona phee ngati afa. Ndimaponyamo zipika, kutseka, ndiye kamphepo ka injini kamayamba kupemerera, ndipo umamva chinthu chikudzuka m'katimo, chikubangula. Kenako ndimalowa m'nyumba, kutsegula mpopi, madzi otentha n'kumatuluka. Moto uli uko, kufunda kuli kuno, pakati pake palibe chimene diso likuona. Ndakhala pabenchi la tchalitchi moyo wanga wonse kumvera za zinthu zosaoneka, koma ndinayamba kuzimvetsa nditaima pa ng'anjo imeneyi.

Ndiye panachitika chinthu. Zaka zoyamba bwalo linkangokhala mbuu ndi chipale chofewa, monga mabwalo onse. Nyengo ina yachisanu tinadzuka n'kuona kamzere koterera pakati pa bwalo, kuchokera kung'anjo mpaka pakhoma la nyumba. Chaka chotsatira kamzere kaja kanasanduka kanjira. Chipale chinkafika m'chiuno mbali iyi ndi mbali iyo, koma pakatipo pali nthaka, ndi udzu. Udzu wobiriwira, Aphungu, mu Febuluwale, kuno kwathu kuno! Lempi ankandibweretsera khofi kung'anjo atavala masilipasi a m'nyumba. Tsiku lina anavula n'kuponda ndi phazi lopanda kanthu, mayi wa imvi, chifuwa chikulira, n'kunena kuti, "Amuna ena amagulira akazi awo maluwa ofota mawa lake. Iwe Reino, ndi kuuma mutu kwakoko, wandisungira kachigamba ka chilimwe cha mwezi wa Juni." Mawu amenewo ndi okhawo onditamanda amene ananena m'banja lathu lonse, ndipo ndinawasunga.

Lempi anatisiya nthawi ya masika, masamba akuyoyoka. Nyengo yachisanu yotsatira ndi imene agwape anabwera.

Sindikunena kuti anawatuma ndi Lempi. Mpingo wathu suphunzitsa zotero. Ndikungonena kuti anabwera chaka chimene iye anapita. Ndinatsegula katani kukungocha, ndipo anali atagona pakanjira paja, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, amayi ndi ana awo, miyendo atapinda, nthunzi ikufuka pamisana pawo. Dzuwa litasuzumira, nthunziyo inafiira, ngati nyamazo zikuyaka popanda kupsa. Ndipo pamene ngalande inakhota kuzemba chimwala chija, mzere wa agwapewo unakhotanso. Ntchito ya manja anga, imene ndinaikwirira ndekha n'kuiwala, ndinaiona italembedwa pamwamba pa nthaka ndi nyama zamoyo. Ine ndapha agwape ambiri pa moyo wanga ndipo sindinalirepo. Tsiku limenelo khofi anazizira m'manja mwanga.

Kuyambira pamenepo amabwera chisanu chikangolimba. Sandithawa. Ndikamapita ndi wilibala amangodzuka mwaulesi, kuima pambali ngati anthu opereka njira kwa abusa, n'kubwerera pamalo pawo. Mnansi wanga Arvid amati, "Ifetu timazizidwa m'tchire kusaka nyama, iwe waiika kale pamoto ili yamoyo. Ungothira mchere!" Arvid ndimamulola kunena zimenezo chifukwa tinakulira limodzi.

Curtis sitinakulire limodzi. Anakwatira mwana wanga Marlene, amakhala ku Green Bay, ndipo ntchito yake ndi yoika zotenthetsera m'nyumba zikuluzikulu za m'tauni. Anabwera pa Khirisimasi ndi tinsapato take ta mumzinda. Asanavule ndi jekete lomwe, anatulutsa kachida koyezera kutentha konga kamfuti, anakaloza nako paipi kung'anjo, anakalozanso paipi ya chipinda chapansi, akugwedeza mutu ngati dokotala woona mtembo. Sanandifunse kanthu. Anadikira mpaka tonse titakhala pathebulo, nyama ili m'mbale, adzukulu ali pomwepo.

"Bambo," anatero, "nkhuni zimene mukutentha pano zikanafunditsa nyumba ziwiri."

"Nkhuni za masiku ano n'zopepera," ndinayankha. "Ndipo chisanu chake si chakale chija."

"Si nkhuni ayi. M'chipaipi chanu chija mwalowa madzi. Thonje lija linanyowa kalekale, mapaipi akusambira m'matope. Mukufunditsa boma lonse la Michigan, nyumba ikungolandira makombo."

Adzukulu anaseka. Wamng'ono anafuula kuti, "Agogo akuphika dothi!" ndipo anzake anagwa nako kuseka.

Ndinati, "Ngalande imeneyo ndinakumba iwe ukunyowetsa matewera."

"Ndiye n'chifukwa chake yakalamba," anatero. "Tiikumbe chisanu chikatha. Makina ndibweretsa ine, mapaipi enieni ndibweretsa ine. Masiku awiri basi."

Masiku awiri! Chilimwe changa chonse, matuza anga, msana wa Lempi atawerama kundigwirira paipi, iye akuti masiku awiri, kukamwa kuli kodzaza ndi mbatata zanga.

Apo Marlene analowererapo, ndipo iyeyu anatengera pakamwa pa amayi ake. "Ababa, musandione ngati mwana. Zipinda zapamwamba mwatseka. Mukugona kukhitchini mutavala chipewa. Kale munkapita kung'anjo m'mawa ndi madzulo basi, pano ndawerenga ndekha, mwapita kanayi. Ndi mtima wanu woika kachitsulowo! Sankhani chimodzi. Curtis akumbe, nkhuni zichepe, mukhale m'nyumba yanu. Mukakana, nyumbayi tigulitsa, mubwere kwathu. Chipinda chilipo chapansi, chili ndi wailesi yakanema. Ine sindidzadikira foni ya Arvid yondiuza kuti wakupezani mutauma ngati chipika."

Za Lempi ndi phazi lake lopanda nsapato sindinawauze. Zinthu zotero sunena pamaso pa munthu amene wangokusekesa kwa adzukulu.

Koma chimene chandiwawa kwambiri ndi cha m'mawa mwake. Ndinadzuka n'kumupeza Curtis ataima pazenera la kukhitchini, kapu m'manja, osamwa. Agwape anali atabwera ambiri kuposa masiku onse, mzere wonse wodzaza, nthunzi ikukwera, kumwamba kuli psuu. Anaima nthawi yaitali osatembenuka. Ndinamumva akunong'ona kuti, "Ambuye wanga." Kenako anati, "Bambo, chibadwire sindinaonepo zotere." Mtima wanga unatsika, ndinati basi, mnyamatayu waona, wamva. Ndiye anatembenuka, maso ali onyowa ndithu, n'kunena kuti, "Komabe tikumba."

Munthu wotani ameneyu, Aphungu? Wosaona ndikanamukhululukira. Uyu waona ndi maso ake.

Pali chinanso chimene Marlene sakudziwa, ndipo musamuuze. Mwezi wathawu ndinaterereka ndi chipika m'manja paulendo womaliza wa madzulo, n'kugwa chagada pakanjira pomwepo. Mpweya unandithera, miyendo inakana kwa kanthawi. Ndinagona pamenepo ndikuyang'ana kumwamba, ndipo nthaka inali yofunda kumsana kwanga ngati chikhatho cha munthu. Agwape awiri anaima chapafupi akundiyang'ana, makutu ali njo. Sindinaope konse. Ndinadziwa chimene iwo amamva akagona pamenepo. Ndikanagwera m'chipale bwenzi pano mukuwerenga dzina langa patsamba la maliro. Ngalande imene akuti ndi yolakwikayo ndi imene inandisunga.

Tsono Marlene akufuna yankho chipale chisanasungunuke. Akaimba foni ndimangoyankha za nyengo. Curtis sanapepese, ndipo ine sindiyamba. Kuchipinda chapansi cha ku Green Bay sindikakhalitsa, ndikudzidziwa. Koma kulola makina adzang'ambe kanjira ka Lempi, agwape adzabwere chaka chamawa adzapeze chipale chokhachokha, adzaime pamenepo akuyang'ana zenera langa, zimenezonso sindingathe. Ndipatseni mawu oti ndimuuze mwana wanga kuti amve. Inu mumadziwa kuyala mawu, ine ndimangodziwa kuyala nkhuni.

R.K., Nisula

Bambo R.K.,

Mwati simudziwa kulemba, koma kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo khofi wanganso anazizira. Agwape anuwo ndawaona. Palibe amene angakulandeni zimene munaona pazenera paja, ndipo ine sindiyesa n'komwe.

Koma mawu amene mwapemphawo sindikupatsani, chifukwa Marlene wamva kale. Amene sanamve ndi inu. Mkamwini wanu akunena zoona, ndipo mboni yake yaikulu ndi kalata yanu yomweyi. Mwalemba nokha kuti zaka zoyamba panalibe kanjira. Mwalemba kuti kanayamba ngati kamzere n'kumakula. Simunatsutse kuti zipinda mwatseka, kuti mukugona ndi chipewa, kuti maulendo a kung'anjo achuluka. Kufunda kumene kukumeretsa udzu mu Febuluwale kunanyamuka kung'anjo kukubwera kwa inu, ndipo kwathera panjira. Chinthu chikhoza kukhala chodabwitsa n'kukhalanso chowonongeka, zonse pakamodzi. Kanjira kanuko ndi kotero.

Musamve ngati ntchito yanu yanyozeka. Anthu ambiri kuno anakwirira mapaipi mwa njira yomweyo masiku amenewo, ndipo madzi a m'dongo sasankha ngalande ya munthu waulesi kapena wakhama, amalowa basi. Ngalande yanu inatulutsa utsi m'nyumba ya mayi wodwala chifuwa, inamufunditsa mpaka tsiku lake lomaliza, n'kumupatsanso Juni wake. Inagwira ntchito imene munaikumbira. Yatopa, ngati mwini wake.

Za Curtis, pakamwa pake analakwitsa. Nkhani ngati imeneyo mwamuna amaitengera mpongozi wake kushedi ya nkhuni, osati pathebulo pamaso pa ana. Muli ndi ufulu womuuza zimenezo, kamodzi, muli awiri. Koma mwandifunsa kuti ndi munthu wotani amene angaone zimene anaona n'kunenabe kuti tikumba. Ndikuyankheni. Ndi munthu amene anaika agwape onsewo mbali imodzi, ndi nthunzi yawo, ndi kumwamba kofiira kuja, mbali inayo n'kuikako nkhalamba yokwiya imene inamunena za matewera dzulo lake, ndipo anasankha nkhalambayo. Akanakhala wofuna nyumba yanu igulitsidwe akanangokhala chete, chisanu chikanamugwirira ntchito. Wakutsina khutu ndi mnansi, bambo.

Tsono chitani izi. Poti kamfuti kake simukakhulupirira, pitani kusitolo ya zitsulo mukagule tizida tiwiri totchipa toyezera kutentha. Kamodzi mumangirire papaipi yotuluka kung'anjo, kena pamene paipiyo ikulowa m'nyumba. Muwerenge nokha, ndi magalasi anu, popanda wokuonererani. Munthu wa mtundu wanu samva za m'kamwa mwa wina, amamva za m'manja mwake.

Mukatero muimbireni Marlene, ndipo za nyengo muzisiye. Muuzeni za amayi ake atavula masilipasi. Iye akuganiza kuti mukuteteza paipi yowola chifukwa cha liuma chabe, pakuti ndi zokhazo mwamuonetsa. Nkhani imeneyo ndi yakenso, ndi mayi ake, ndipo mwamubisira nthawi yaitali. Mumuuzenso za kugwa kuja. Ine sindimuuza, koma mwalemba dzina lake ndi la mwamuna wake munyuzipepala, ndiye fulumirani Arvid asanakuyambireni.

Nthaka ikadali youma gwa ndi chisanu, palibe akumba lero. Nyengo yachisanu ino yonse ndi yanu ndi agwape anu. Itanani adzukulu abwere Loweruka lina, muwadzutse kusanache, muwaimike pazenera. Wamng'ono uja aone chimene agogo ake ankaphikira dothi. Ajambule zithunzi. Muwasonyeze pamene mzere wakhota, muwauze za chimwala chija.

Pakali pano ulendo wa madzulo mupatseni Arvid kapena wina aliyense wa miyendo yabwino, zipika azikuwazirani zing'onozing'ono, ndipo foni izikhala m'thumba la jekete nthawi zonse, osati pathebulo. Marlene akupezereninso chotenthetsera china cha m'nyumba choti chigwirize tsiku limene simungathe kutuluka, kuti madzi asaundane m'mapaipi.

Mwezi wa Meyi makina akabwera, musakabisale kukhitchini. Imani m'mphepete mwa ngalande ndi kapu yanu. Palibe wina padziko amene akudziwa pamene pali chimwala chija, ndipo Curtis akapanda kukufunsani athyolapo dzino la makina ake. Muuzeni mapaipi atsopano adutse njira yomweyo, akhote pomwe munakhota.

Agwape adzabwera chisanu chikubwerachi, adzanunkhiza, n'kutsikira kudambo la mikungudza kumene makolo awo akhala akubisala chisanu inu ndi ine tisanabadwe. Zidzakuwawani, sindikunamizani. Musayese kuwabweza ndi chimanga, chimawadwalitsa m'mimba nthawi yachisanu. Asiyeni apite. Iwo ali ndi malaya aubweya ndi dambo lawo. Inu muli ndi kachitsulo mumtima ndi nyumba imodzi yokha.

Ndipo chenjerani ndi nkhani ija mukudzitonthoza nayo, yoti ngalande inakusungani. Chimene chinakutulutsani panja kachinayi tsiku limenelo, chipika chili m'manja, ndi ngalande yomweyo. Inakugwetsa, kenako inakufunditsa msana. Mukadzagwanso, n'kutheka nthaka idzakhala yofunda ndithu, ndipo agwape adzaima pomwepo, makutu ali njo, akukuyang'anani mwaulemu mpaka kuche. Koma palibe mmodzi mwa iwo amene adzakudzutseni. Amene angakudzutseni ndi uja wa tinsapato ta mumzinda. Muimbireni.

Aphungu